River ikagwa, woyamba kulankhula ndine

Kawiri pamwezi, Lachisanu ntchito ikatha, timakumana m'galaja ya mnzathu wina kuno ku Randburg, mu Johannesburg. Galimoto amaitulutsa panja, n'kuyala bulangete lobiriwira pa tebulo lakale lodyera, ife n'kuzungulira, nthawi zina asanu ndi mmodzi, nthawi zina asanu ndi atatu. Ambirife ndife akumudzi, kupatula mnyamata mmodzi wa ku Harare amene Chichewa anachitolera kwa agogo ake. Timasewera gemu ya makhadi ya poker yotchedwa Texas Hold'em, ma blind (ndalama zimene anthu awiri amayenera kuika makhadi asanagawidwe) a marandi R5 ndi R10, aliyense amalowa ndi R1,000. Ndinene poyera kuti imeneyi ndi njuga, ndipo mayi akunyumba amaitchula ndi dzina lake lomwelo. Pangano lathu ndi lakuti lendi, ya sukulu ndi yotumiza ku Dedza ziyambe zatuluka, yotsalayo ndiye ingaone galaja. Mwezi wina siitsala, ndiye ndimakhala pakhomo.

Ndili ndi kabuku kamene ndimalembamo magemu akuluakulu ndikafika kunyumba, ndisanaiwale. Patatha chaka ndinakawerenga konse usiku umodzi, ndipo chimene ndinapeza chinandichititsa manyazi. Ndinkaganiza kuti ndalama zanga zimapita chifukwa cha tsoka, makhadi osagwa. Ayi ndithu. Zinkapita pa khadi lomaliza, makamaka ndikakhala pampando woyamba kulankhula.

Kwa amene simunasewerepo: aliyense amalandira makhadi awiri obisa, ndipo pa tebulo pamagwa asanu a tonse. Atatu oyamba ndi flop, lachinayi ndi turn, lachisanu ndi river. River ikagwa palibenso khadi lobwera, palibe chodikira. Wokhala kumanzere kwa big blind, woika R10 uja, ndiye amayamba kulankhula makhadi a pa tebulo asanagwe, ndipo mpando umenewu osewera amautcha under the gun. Ukatsegula gemu uli pamenepo, wina wa ku button, mpando wolankhula pomaliza makhadi a pa tebulo akagwa, n'kukutsata, ndiye kuti pa flop, pa turn ndi pa river pomwe, iwe uzilankhula koyamba, iye azilankhula atakumva. Akakutsata wa pa blind nkhani imatembenuka, amayamba ndi iyeyo, koma za lero si zimenezo. M'galaja mwathu check timati kugogoda, chifukwa umagogodadi tebulo. Call ndi kulipira, raise ndi kukweza, fold ndi kutaya.

Gemu imene inanditsegula maso inali ndi madala ena a ku Nkhata Bay, munthu wofatsa amene amabwera ndi tiyi wake m'fulasiki. Ndinali under the gun ndi esi ya sipedi ndi kwini ya dayamondi. Ndinakweza kufika R30, madalawo analipira ali pa button, ena onse anataya. M'poto, mulu wa ndalama zonse zabetchedwa, munali R75. Flop inagwa kwini ya mtima, 9 ya mtima, 4 ya kilabu. Ndinabetcha R45, analipira. Turn 2 ya sipedi, ndinabetcha R110, analipiranso osaphethira. M'poto R385. River 7 ya dayamondi. Khadi limeneli silinasinthe kalikonse: flush (makhadi asanu a mtundu umodzi) sinabwere, straight (asanu a manambala otsatizana) singatheke n'komwe pa makhadi amenewo. Koma ine mtima unayamba kuyankhula. Madalawa alipira kawiri mosavuta chonchi, si kuti ali ndi ma 9 awiri? Ndinagogoda. Iwo anayang'ana makhadi awo kanthawi, n'kugogodanso, n'kuonetsa kingi ndi kwini.

Ndinatenga poto ndikumwetulira, ngati munthu wopambana. Ndikusonkhanitsa matchipi, madalawo anati, "Achimwene, mwandikhululukira. R200 ndikanalipira ine." Anthu anaseka. Ine m'kabuku ndinalemba kuti ndawina R385. Ndinayenera kulemba kuti ndaluza R200.

Nditakhala pansi ndi cholembera ndinaona kupusa kwake. Kwini imodzi ili kwa ine, ina pa tebulo, zatsala ziwiri. Makingi alipo anayi, ndiye kingi ndi kwini ingapangike m'njira 8. Kwini ndi jeki, njira zinanso 8. Ma 9 awiri, amene ndinkawaopa, angapangike m'njira 3 zokha, ma 4 awiri njira 3. Komanso munthu wokhala ndi set, makhadi atatu ofanana ngati amenewo, pa tebulo la mitima iwiri kawirikawiri amakweza msanga, sadikira river. Ndinaopa njira 6 zokayikitsa n'kusiya ndalama za njira 16 zoonekeratu.

Chachikulu chimene ndinaphunzira si kuwerenga njirako. Ndi funso limene ndinkalifunsa molakwika. Ndinkadzifunsa kuti kodi makhadi anga ndi abwino kuposa ake? Funso la munthu woyamba kulankhula ndi lina: ndikagogoda, munthu uyu achita chiyani? Wolankhula pomaliza akagogoda, gemu yatha, makhadi amaonetsedwa kwaulere. Ine ndikagogoda sinathe, ndangopereka mpata. Madala a ku Nkhata Bay sabetcha pa river popanda chinthu chenicheni. Ndikawagogodera, makhadi amene ndimawaposa agogodanso, ine osapeza kanthu, pomwe makhadi amene amandiposa abetcha, ine n'kulipira. Ndiye kuti ndalama zimalowa m'poto pokhapokha ndili kumbuyo. Munthu wotero umamubetchera, ndipo akakukweza umataya popanda kudzimvera chisoni, chifukwa kukweza kwake sikunama.

Makhadi omwewo, tebulo lomwelo, koma pa button pakhale mnyamata wa ku Harare uja, ndimagogoda mwadala. Iyeyu amatsata mitima iwiri, amatsata jeki ndi 10, amatsata chilichonse chonunkhira, ndipo river ikamukana sapirira kuonetsa makhadi opanda kanthu. Ndikabetcha, zolephera zakezo amangotaya, ine osapeza ngakhale R1. Ndikagogoda amaona ngati ndafooka, n'kuponya R300 m'poto ya R385. Apa masamu ake ndi ofewa: ndikulipira R300 kuti nditenge R985 yonse, ndiye ndikangowina magemu atatu pa khumi aliwonse, kapena kuposerapo pang'ono, sindinaluze. Ndi esi ndi kwini pa tebulo limene flush yakanika, ndimawina kuposa pamenepo. Ndimalipira msanga, osachita sewero loganiza, kuti asamve manyazi kwambiri, chifukwa ndikufuna adzachitenso.

Pali manambala angapo amene ndinawalemba kuchikuto kwa kabuku mpaka anakhazikika m'mutu. Munthu akakubetchera theka la poto, uyenera kuwina kamodzi pa kanayi kuti kulipira kukhale kwanzeru. Akabetcha poto yonse, kamodzi pa katatu. Akabetcha gawo limodzi la magawo atatu, kamodzi pa kasanu. Akabetcha kotala, kamodzi pa kasanu ndi kamodzi. Manambala omwewa amagwira ntchito ukawatembenuza: ukabetcha pang'ono, mnzako ali ndi chifukwa cholipira ndi makhadi ofooka, ndipo apa ndi pamene pali nkhani imene ndimaikonda kwambiri.

Aliyense amene anagulapo kaunjika amadziwa kuti woyamba kutchula mtengo amamanga malire a kukambirana konse. Wogulitsa akati 15,000, mudzatsika, koma mudzatsikira kufupi ndi 15,000. Ukayamba ndiwe kunena kuti ndili ndi 6,000, nkhani imayambira pamenepo. Pa river, woyamba kulankhula ali ndi mwayi umodzi wokhawu, wotchula mtengo mnzake asanautchule. Osewera amati block bet: kubetcha kochepa, kotala la poto kapena kuposa pang'ono, ndi makhadi apakatikati amene sakufuna kukumana ndi mtengo waukulu.

Ndipereke chitsanzo chenicheni. Ndinali ndi makingi awiri, wakuda ndi wofiira, wa sipedi ndi wa dayamondi. Tebulo linali jeki ya mtima, 8 ya mtima, 3 ya kilabu, 4 ya sipedi. Ndabetcha flop, ndabetcha turn, mnzanga woyendetsa takisi akungolipira kumbuyo kwanga, m'poto mwafika R400. River 2 ya mtima. Mitima yakwana itatu. Makingi anga, amene anali mfumudi mphindi yapitayo, tsopano ndi peyala chabe, makhadi awiri ofanana. Kuonjezera apo, aliyense pa tebulo akudziwa kuti under the gun ine ndimatsegula ndi makhadi akuluakulu, mapeyala apamwamba kapena esi ndi chithunzi, pomwe timitima ting'onoting'ono tiwiri timakhala ndi iye wolipira kumbuyo. Khadi limeneli ndi lake, si langa.

Tiyerekeze kuti gemu imeneyi taisewera kakhumi. Kasanu ali ndi flush, kanayi ali ndi jeki, kamodzi alibe kanthu. Ndikagogoda, flush ibetcha R300, wopanda kanthu uja abetchanso R300 moopseza, jeki igogoda. Ndikamalipira nthawi zonse, ndaluza R1,500 n'kubweza R300, kutsala ndi dzenje la R1,200. Ndikamataya nthawi zonse, flush sindiipatsa kanthu, koma kamodzi kaja ndapereka poto ya R400 imene inali yanga. Tsono ndibetche R100. Flush indikweza, nditaya, kasanu, R500 yapita. Jeki ilipira kanayi, R400 yabwera. Wopanda kanthu ataya, poto ndi yanga. Dzenje ndi R100 yokha.

Taonani chodabwitsa chake. Ndabetcha ndikudziwa kuti ndalama zikalowa ndimaluza kasanu, ndimawina kanayi. Wolankhula pomaliza sangachite zimenezi, kwa iye lamulo ndi lakuti ubetche ngati uwina koposa theka la nthawi zimene wakulipira, apo ayi gogoda uone makhadi kwaulere. Ine zaulerezo ndilibe. Njira zanga zonse zitatu ndi zoluza, ndikungosankha yoluza pang'ono. Zinanditengera nthawi kuvomera kuti kubetcha koluza kungakhale kolondola, chifukwa mtima umafuna njira yopambana, ndipo pa mpando umenewu nthawi zina kulibe.

Koma musathamange nazo. Bwezerani madala a ku Nkhata Bay pa mpando uja, amene saopseza ndi makhadi opanda kanthu. Ndikagogoda n'kutaya akabetcha, sindiluza kalikonse, ndiye kugogoda kwaposa R100 ija. Kusiyana kwa gemu iyi ndi ya esi ndi kwini ija n'kwakuti uku makhadi ondiposa achuluka kuposa amene ndimawaposa. Masamu ndi amodzi, koma manambala olowetsamo amabwera ndi munthu amene wakhala kumanzere kwako, ndipo amenewo sumawapeza m'buku. Umawapeza pomuyang'ana miyezi ingapo, ngakhale pa magemu amene iwe wataya kale, m'malo motsegula WhatsApp.

Tsiku limenelo ndinabetchadi R100. Wa takisi anang'ung'udza, "Aise, ndalama yochepa ngati imeneyi ndingaithawe?" Analipira ndi kwini ndi jeki.

Ndinaikonda block bet mopitirira muyeso, ndipo walira mvula walira matope. Mnyamata wa ku Harare anaona kuti ndikabetcha pang'ono pa river ndiye kuti ndili ndi zapakatikati, ndikabetcha zambiri ndili ndi zenizeni. Maulendo atatu otsatizana, ndikangoika R100, iye R450. Ine kutaya. Ulendo wachitatu anandionetsa 6 ndi 5 zosagwirizana ndi chilichonse pa tebulo, n'kunena mwaulemu wake wonyoza uja, "Pepani akulu, ndinaona ngati mukupempha." Zinandiwawa mpaka Lolemba.

Mankhwala ake ndi amodzi: m'kubetcha kochepako muzikhalanso zilombo. Ndinadikira mwezi ndi theka. Ndinali ndi esi ndi kingi za mtima, river n'kubweretsa mtima wachitatu, tebulo lopanda peyala, kutanthauza kuti palibe makhadi ondiposa. Kale ndikanabetcha poto yonse. Ndinaika R100 m'poto ya R380, ndi dzanja lomwe lija lokayikakayika. Iye R450. Ndinawerenga mpaka khumi mumtima n'kukankha zonse. Anataya, koma R450 inatsala, ndipo chofunika koposa n'chakuti kuyambira tsiku limenelo R100 yanga amaiganizira kawiri. Sindichita zimenezi nthawi zonse ndikakhala ndi makhadi apamwamba, chifukwa kwa anthu ongolipira osakweza kumakhala kutaya ndalama. Ndimachita pamene kumanzere kwanga kuli munthu wokonda kukweza, ndiponso mokwanira kuti tebulo lizikumbukira.

Zoti kubetcha pang'ono si mantha, makompyuta ndi amene anatsimikizira anthu ambiri. Mu Januwale 2017, pulogalamu yotchedwa Libratus, yopangidwa ku yunivesite ya Carnegie Mellon, inasewera magemu 120,000 kwa masiku 20 ndi akatswiri anayi, mmodzimmodzi, n'kuwaposa ndi matchipi a madola oposa 1.7 miliyoni. China chimene chinawazunguza akatswiriwo ndi kukula kwa mabetcha ake: pena kakang'ono kwambiri, pena kuposa poto kangapo, ndipo sumatha kudziwa makhadi ake poona mtengo. Mpikisanowo unachitikira ku Pittsburgh, pa kasino yotchedwa Rivers, dzina limene limandiseketsa ndikaganiza kumene ndalama zanga zimamira. Ine si kompyuta, sindingasakanize mitengo isanu. Ndili ndi iwiri, waung'ono wa kotala ndi waukulu wa pafupifupi poto yonse, ndipo ndimayesetsa kuti uliwonse ukhale ndi makhadi amitundu iwiri.

Za bluff, kubetcha moopseza ulibe kanthu, ndinena mwachidule, chifukwa m'galaja mwathu ndi ntchito yosalipira. Pa pepala, ukabetcha poto yonse mnzako ayenera kutaya theka la nthawi kuti usaluze, ukabetcha theka la poto ayenera kutaya kamodzi pa katatu. Pa pepala pomwepo, wobetcha poto yonse amayenera kukhala ndi bodza limodzi pa zoona ziwiri zilizonse. Koma pepala silidziwa Amalawi atatu amene amalipira ndi peyala yachitatu n'kunena kuti "ndimafuna ndingoona." Ndimaopseza anthu awiri okha pa tebulo lathu, ndipo ndimasankha makhadi. Mitima itatu ili pa tebulo, ine ndili ndi esi ya mtima yokha, pamenepo ndingayese, chifukwa ndikudziwa kuti flush yapamwamba alibe, ndipo nkhani yanga ikumveka. Koma ngati mitima yakanika ndipo iwiri ili m'manja mwanga, ndimangogogoda n'kuvomera. Makhadi amene ndikufuna kuti iye akhale nawo kuti ataye ndi omwe ndagwira inewo. Ndinaluza kangapo ndisanamvetse zimenezi, ndikuganiza kuti flush yolephera ndiye chilolezo choopsezera.

Madala a ku Nkhata Bay amakonda kukumbutsa za Raymond Rahme, bambo wa muno mu Johannesburg amene mu 2007 anafika pa tebulo lomaliza la World Series of Poker ku Las Vegas ali ndi zaka zoposa 60, n'kuthera pa nambala 3 ndi madola oposa 3 miliyoni. Amainena nkhaniyi makamaka akatidya ife achinyamata. Ine ndimawayankha kuti mpikisano ngati umenewo ndi gemu ina, matchipi akatha umapita kwanu, pomwe m'galaja munthu amapisa m'thumba n'kulowanso. Iwo amangomwa tiyi.

Chinthu china chimene ndinasintha ndi nthawi yoganizira. Kale ndinkayamba kuganiza river itagwa, maso onse ali pa ine, manja akutuluka thukuta, ndipo kuchedwa kwangako kunkanena zonse. Tsopano ndikangobetcha pa turn, mnzanga akuwerenga matchipi ake, ine ndimakhala ndikugawa makhadi otsala: ukagwa mtima nditani, ikagwa esi nditani, likagwa lopanda ntchito ndibetcha zingati. Ndisanaike ndalama pa river ndimadziyankhiratu kuti akandikweza ndilipira kapena nditaya. Mapanga awiri avumbwitsa. Magemu oipitsitsa m'kabuku kanga ndi amene ndinabetcha R100 ndi cholinga chotaya akakweza, iye n'kukweza, ine n'kuyamba kudziuza kuti mwina akunama, n'kulipira R400 ina. Pamenepo block bet yasanduka njira yodula kuposa zonse zitatu zija. Ndinawerenga magemu otere asanu ndi awiri chaka chatha, ndinawina imodzi.

Pakakhala anthu awiri kumbuyo kwanga m'malo mwa mmodzi, zonsezi ndimazichepetsa. Bluff ndimaiiwala, ndipo makhadi obetchera amayenera kukhala olimba kuposa apa, chifukwa wapakati akalipira amakhala akuopanso wachitatu, ndiye salipira ndi zinyalala.

Lachisanu lapitali ndinali under the gun ndi makwini awiri. Madala aja ali pa button ndi fulasiki yawo. Tebulo linagwa 10, 7, 3, kenako 5, popanda flush yoopsa, ine ndikubetcha iwo akulipira. River inabwera 10 ina. M'poto R420. Ndinali nditaganiza kale pa turn kuti 10 ikabwereza ndi khadi loipa, chifukwa 10 ndi imene amandilipira nayo kwambiri, koma ma 8 awiri, ma 9 awiri ndi majeki awiri akanalipirabe mtengo waung'ono. Ndinaika R110. Anatsegula fulasiki, kuthira tiyi m'chivundikiro, kumwa, kenako n'kukankha R400 mwakachetechete.

Ndinataya msanga, monga ndinapanganirana ndi mutu wanga. Koma pakamwa sipanapirire. "Madala, tangondionetsani, inali 10?"

Analowetsa makhadi awo pakati pa enawo chafufumimba, n'kuyamba kusanja matchipi anga m'milu ya asanuasanu. "Achimwene, R290 yokha inatsala kuti muone."

M'kabuku ndalemba kuti ndinataya bwino. Pambali pake ndaikapo chizindikiro cha funso, chaching'ono, ndi pensulo.